Kusankha waya wa magetsi: kukula kwake ndi chokutira chake

Waya aliyense amene akunyamula magetsi amafunda, ngakhale akhale wabwino chotani. Mkuwa umalola magetsi kudutsa, koma umawakaniza pang'ono, ndipo kukanizako n'kumene kumasanduka kutentha. James Prescott Joule anapeza cha m'ma 1840 kuti kutenthaku kumakwera mofulumira kuposa magetsi enieniwo. Ma amp, omwe ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya, akachuluka kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Akachuluka katatu, kutentha kumachuluka ka 9. N'chifukwa chake waya amene dzulo ankangofunda pang'ono, lero amatha kufewetsa pulasitiki yake kungowonjezerapo chipangizo chimodzi.

Choyamba kugonja si mkuwawo ayi. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, pomwe PVC yokutira mawaya ambiri a m'nyumba inapangidwa kuti izipirira madigiri 70 okha. Ikamapitirira pamenepo tsiku ndi tsiku siyaka nthawi yomweyo. Imauma, imasintha mtundu, imachita ming'alu, kenako tsiku lina layivi ndi nyutulo zimakhudzana. Choncho funso loti "waya wa 2.5 amanyamula ma amp angati?" (2.5 ndi kukula kwa mkuwa wa mkati, mu mm²) lilibe yankho limodzi. Waya yemweyo akakhomedwa pakhoma poyera, pomwe mpweya ukumuwomba, amanyamula ma amp 27. Akakwiriridwa m'zotchinga kutentha za m'khoma amanyamula 13.5 basi. Ntchito yonse yosankha waya yagona pa kudziwa mmene adzatayire kutentha kwake pamalo amene mukumuika.

Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi a m'buku la malamulo a mawaya la ku Britain, BS 7671, lomwe linayamba mu 1882 ndipo limayendera limodzi ndi muyezo wa mayiko ambiri wa IEC 60364. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo m'mayiko ambiri ntchito ya pa bokosi la mabureka imayenera kugwiridwa kapena kuyezedwa ndi mmisiri wa laisensi. Komabe ngakhale amene walemba mmisiri ntchito ayenera kudziwa masamu ake, kuti azitha kufunsa mafunso oyenera.

Yambani ndi katundu amene waya adzasenze

Musayambire pa waya. Yambirani pa chipangizo. Kumbuyo kapena pansi pa ketulo, giza, kuka kapena ayironi pamakhala kachitsulo kapena kapepala kolembedwa mawati ake. Gawani mawatiwo ndi mavoti a magetsi anu, yankho lake ndi ma amp. Giza ya mawati 3,000 pa mavoti 230 imakoka ma amp 13. Giza yomweyo ikanakhala pa mavoti 120, monga a m'masoketi a ku United States ndi Canada, ikanakoka ma amp 25. Mavoti akachepa ma amp amachuluka, ndipo waya amayenera kunenepa.

Ngati layini imodzi idzadyetsa zipangizo zingapo, phatikizani zimene zingayake nthawi imodzi. Apa musadzinamize. Ketulo, ayironi ndi hita zimakonda kuyatsidwa m'mawa womwewo.

Mota ndi nkhani ina. Pampu, kompuresa ndi makina odulira, werengani ma amp olembedwa pa chitsulo chake, osati kugawa mawati, chifukwa mota imakoka magetsi ochulukirapo kuposa mmene masamu aja angasonyezere. Ndipo pamene ikudzuka imakoka kasanu kapena kuposa apo kwa masekondi ochepa.

Kenako bureka

Sankhani bureka yofanana ndi ma amp a katundu uja kapena yoposerapo pang'ono. Mabureka amabwera m'masayizi odziwika: 6, 10, 16, 20, 25, 32, 40 ndi kumapita m'mwamba. Giza ya ma amp 13 ikufuna bureka ya 16.

Lamulo lalikulu ndi ili: katundu asapose bureka, bureka isapose waya. Bureka siinaikidwe kuti iteteze ketulo kapena wailesi. Inaikidwa kuti idule magetsi waya asanapse. Ndiye munthu amene watopa ndi bureka ya 16 yomangogwa, n'kuichotsa kuikapo ya 32 waya ali yemwe uja, sanakonze kalikonse. Wangochotsa mlonda, ndipo tsopano chimene chidzaduke ndi waya wa mu siling'i. N'chimodzimodzi ndi kumanga fyuzi yakupsa ndi kawaya kochindikala kapena msomali.

Ngati nyumbayo ikadali ndi mafyuzi akale aja osinthidwa kawaya, dziwani kuti amachedwa kuduka kuposa mabureka. BS 7671 imati pa mafyuzi amenewa mphamvu ya waya ichulukitsidwe ndi 0.725, kutanthauza kuti waya amayenera kukhala wamkulupo. RCD ya 30 mA nayo musaisokoneze ndi bureka. Iyo imateteza munthu ku shoko magetsi akamathawira pansi, koma payokha sidziwa kuti waya wasenzetsedwa katundu wambiri.

Yendani njira yonse imene waya adzadutse

Apa ndi pamene ambiri amathamanga, chonsecho ndi pamene pali nkhani. Nyamukani pampando, yambirani pa bokosi la mabureka, mutsate njirayo ndi maso mpaka pa chipangizo. Mukuyang'ana zinthu zinayi: waya waikidwa motani, malowo amatentha bwanji, ali ndi anzake angati, ndipo pali chilichonse chomukwirira.

Za kaikidwe, nawa ma amp a waya wa mkuwa wokutidwa ndi PVC, pamalo a madigiri 30. Wopyapyala uja wa mawaya awiri ndi ethi, atakhomedwa poyera: 1.5 mm² amanyamula 20, wa 2.5 amanyamula 27, wa 4 amanyamula 37, wa 6 amanyamula 47, wa 10 amanyamula 64. Waya akalowa mu payipi yokhomedwa pakhoma manambala amatsika: 1.5 ndi 16.5, wa 2.5 ndi 23, wa 4 ndi 30, wa 6 ndi 38, wa 10 ndi 52. Onaninso kuti kunenepa kawiri sikupereka ma amp kawiri. Waya wonenepa ali ndi mkuwa wambiri mkati, koma khungu lotayira kutentha silikula mofanana.

Za kutentha kwa malo, matchati onsewa amaganiza kuti mpweya wozungulira waya uli pa madigiri 30. Mu siling'i ya pansi pa malata, dzuwa lili paliwombo, mumatentha kwambiri kuposa pamenepo. Waya amene akuyambira pa madigiri 45 watsala ndi mpata wochepa asanafike pa 70. Pa PVC, chulukitsani ma amp a pa tchati ndi 0.94 ngati malowo amafika 35, ndi 0.87 pa 40, ndi 0.79 pa 45, ndi 0.71 pa 50. Pa madigiri 60 waya amatsala ndi theka lokha la mphamvu yake.

Za anzake, mawaya omangidwa mtolo umodzi kapena othinana mu payipi imodzi amafunditsana. Malayini awiri pamodzi, chulukitsani ndi 0.80. Atatu, 0.70. Anayi, 0.65. Asanu ndi imodzi, 0.57. Mtolo wa mawaya womangidwa bwinobwino ndi timalamba umaoneka waudongo, koma waya wapakati sapuma.

Za chomukwirira, ngati waya wazunguliridwa ndi zotchinga kutentha, monga ubweya wagalasi uja woyala mu siling'i, kwa mtunda woposa theka la mita, mphamvu yake imadulidwa pakati. Nthawi zambiri zotchingazo zimayalidwa patapita zaka, ndi munthu amene sakuganizako za magetsi, pamwamba pa mawaya amene anasankhidwa ali poyera.

Mfundo ina yofunika: gawo loipitsitsa la njirayo ndi limene limalamula. Waya atha kuyenda mamita 20 poyera n'kudutsa mamita awiri okha pamalo otentha ndi othinana. Muwerengere mamita awiriwo.

Tiyeni tiyese ndi giza ija. Bureka ndi ya 16. Waya akudutsa mu payipi, mu siling'i yofika madigiri 45, pamodzi ndi malayini ena awiri. Chulukitsani 0.79 ndi 0.70, mupeza 0.553. Gawani 16 ndi 0.553, mupeza pafupifupi 29. Ndiye pa tchati cha mu payipi mukufuna waya wa ma amp 29 kapena kuposa. Wa 2.5 ali pa 23, walephera. Wa 4 ali pa 30, wakwana. Munthu wongoloweza kuti "giza ndi 2.5" akanalakwitsa pamenepa, ngakhale kuti m'nyumba ina, momwe wayayo akuyenda yekha poyera, 2.5 yemweyo akanakwana ndi mpata wambiri. Ndipo taonani, pali njira ina yotsika mtengo: kumupatsa payipi yakeyake. Akakhala yekha, 16 kugawa ndi 0.79 ndi 20.3, ndipo 2.5 wakwana. Nthawi zina yankho si waya wamkulu, ndi njira yabwino.

Kutalika

Waya atha kukhala wozizira bwino koma n'kufikitsa magetsi ofooka. Mita iliyonse imadya mavoti pang'ono. BS 7671 imalola kuti atayike 3 pa 100 alionse pa malayini a mababu, ndi 5 pa 100 pa ena onse. Pa mavoti 230 amenewo ndi 6.9 ndi 11.5.

Waya aliyense ali ndi nambala yake ya kutayaku: wa 1.5 ndi 29, wa 2.5 ndi 18, wa 4 ndi 11, wa 6 ndi 7.3, wa 10 ndi 4.4. Chulukitsani nambalayo ndi ma amp, kenako ndi mamita, mugawe ndi 1,000. Mamitawo ndi a ulendo wopita wokha, wobwerera unawerengedwa kale m'nambalayo. Giza ija, pa waya wa 4 ndi mamita 25, ikutaya mavoti 3.6. Palibe vuto.

Tsopano tengani pampu yokoka ma amp 8 imene ili mamita 80 kuchoka pa bokosi. Kungoona ma amp, 1.5 akukwana. Koma 29 kuchulukitsa ndi 8 ndi 80 kukupereka mavoti 18.6 otayika, kupitirira malire kutalitali. Wa 2.5 akupereka 11.5, ali pamzere penipeni, opanda mpata wa pamene mota ikudzuka. Wa 4 akupereka 7. Ine ndingatenge wa 4 mosazengereza, chifukwa mota yolandira mavoti ochepa imang'ung'udza, imavutika kudzuka, imatentha, ndipo imafa msanga. Ambiri amaimba mlandu pampu pomwe wolakwa ndi waya.

Pa magetsi a batire nkhaniyi imakula kwambiri. Inveta ya mawati 1,200 pa batire la mavoti 12 imakoka ma amp opitirira 100. Ndipo 3 pa 100 a mavoti 12 ndi 0.36 chabe. N'chifukwa chake mawaya a pakati pa batire ndi inveta amakhala onenepa, a 25 kapena 35 mm², komanso afupi momwe zingathekere, ali ndi fyuzi pafupi ndi batire. Kuganiza kuti mavoti 12 ndi amasewera n'kulakwa. Sakumenyani shoko, koma batire likachita shoti limafiiritsa waya m'masekondi.

Mukapeza sayizi ya kutentha ndi sayizi ya kutalika, tengani yaikulu mwa ziwirizo.

Chokutira

PVC ndi yokwanira pa ntchito zambiri za m'nyumba: malo ouma, opanda dzuwa, osatentha kwambiri. Zofooka zake n'zodziwika. PVC wamba imauma ndi kusweka ikakhalitsa padzuwa. Ikakhudzana ndi thovu loyera lija la polystyrene, mafuta oifewetsa amasamukira m'thovumo, iyo n'kuuma. Ndipo ikapsa imatulutsa utsi wakuda wokhala ndi mpweya wa asidi woononga mapapo. Ichi n'chifukwa chake m'malo mosonkhana anthu ambiri, monga zipatala ndi masiteshoni a sitima a pansi pa nthaka, amaikamo mawaya a LSZH, otulutsa utsi wochepa.

XLPE, pulasitiki ina yokutira mawaya, imapirira madigiri 90, ndiye pa sayizi yomweyo imanyamula ma amp ochulukirapo ndipo sigonja msanga pamalo otentha: pa madigiri 45 mumachulukitsa ndi 0.87, osati 0.79. Koma pali msampha. Masoketi, maswichi ndi mabureka ambiri anapangidwira waya wosapitirira madigiri 70. Waya wa XLPE akatentha mpaka 90 amawotcha pomwe walumikizidwa. Ngati chipangizo cholumikizirapo sichinalembedwe kuti chimalola 90, werengerani wayayo ndi tchati cha 70.

Pafupi ndi moto weniweni, kumbuyo kwa uvuni, mkati mwa nyale zotentha, pa mutu wa giza, pamafunika waya wofewa wopirira kutentha, kapena wa silikoni umene umafika madigiri 180. Pa zida zokokedwa pansi, monga za pa malo omanga, pamafunika waya wa labala wolembedwa H07RN-F, wosaopa madzi, mafuta ndi kupindidwa. Wokwiriridwa m'nthaka akhale wa SWA, wokhala ndi mawaya achitsulo momuzungulira, chifukwa tsiku lina khasu kapena piki idzamupeza. Wa pa mapanelo a sola akhale wopangidwira ntchitoyo, wolembedwa H1Z2Z2-K, wopirira dzuwa komanso mavoti 1,500 a DC, magetsi oyenda mbali imodzi monga a batire.

Pa khungu la waya pamalembedwanso mavoti amene chokutiracho chingatchinge: 300/500 V, 450/750 V kapena 600/1000 V. Waya wa sipika, wa belu kapena wa galimoto alibe chokutira cha magetsi a m'nyumba, ngakhale mkuwa wake uoneke wokwanira. Musamuike pa 230.

Mitundu nayo ndi mbali ya chokutira. Pa muyezo wa IEC layivi ndi wa bulawuni, nyutulo ndi wa buluu, ethi ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu. M'nyumba zakale zotsata malamulo a ku Britain mupeza wofiira ndi wakuda, wakudayo ndiye nyutulo. Ku United States wakuda ndi layivi, woyera ndi nyutulo. Waya wakuda yemweyo, matanthauzo awiri otsutsana. Musakhulupirire mtundu, yezani.

Pogula

Sayizi ya waya ndi kukula kwa mkuwa wa mkati, osati kunenepa kwa kunja. Waya wachinyengo amabwera ndi pulasitiki yochindikala ndi kamkuwa kochepa. Sendani kumapeto muyeze. Mkuwa wa chingwe chimodzi wa 1.5 mm² ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 1.4, wa 2.5 ndi pafupifupi 1.8. Njira ina ndi mita yoyezera ma ohm, muyezo wa mmene waya akukanizira magetsi: mamita 100 a mkuwa wa 2.5 amasonyeza pafupifupi ma ohm 0.74, a 1.5 amasonyeza 1.2. Mukapeza nambala yokwera kwambiri, mkuwawo ndi wochepa kapena si mkuwa.

Palani ndi mpeni pamalo mwasendapo. Ngati pansi pa kufiirako pakutuluka choyera ngati siliva, ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa, wotchedwa CCA. Amapepukanso m'manja ndipo amathyoka mukamupinda kangapo. Aluminiyamu payokha si yoipa, mawaya akuluakulu a pa mapolo ambiri ndi ake. Koma imadutsitsa magetsi 61 pa 100 poyerekeza ndi mkuwa, ndiye imafunika kukula pafupifupi ka 1.6 kuti ifanane nawo. Imavutanso polumikiza: imaphwanyika pang'onopang'ono pansi pa sikuluwu ndipo imachita kakhungu kosadutsa magetsi. Ku United States nyumba zambiri zomangidwa pakati pa 1965 ndi 1973 zinaikidwa mawaya a aluminiyamu mpaka m'masoketi, ndipo vuto la kutentha linkabukira polumikizira pomwepo.

Mukakumana ndi waya wolembedwa AWG, muyezo wa masayizi a waya wa ku America, kumbukirani kuti manambala ake amayenda chobwerera: nambala ikachepa, waya wanenepa. Wa 14 AWG ndi pafupifupi 2.1 mm², wa 12 ndi 3.3, wa 10 ndi 5.3. Malamulo a ku America a NEC amawapatsa mabureka osapitirira 15, 20 ndi 30. Musatenge 14 AWG ngati 2.5, ndi wocheperapo.

Chingwe chowonjezera chokulunga pa gudumu chimakhala ndi manambala awiri a katundu amene chingasenze, ya chokulungidwa ndi ya chotambasulidwa, ndipo yoyambayo ndi yaing'ono kwambiri. Chitambasuleni chonse musanalumikize hita kapena makina owotcherera.

Polumikiza ndi poyesa

Waya wosankhidwa bwino amaonongekera kumapeto. Tsegulani soketi imene yakhala ikutentha, mutadula magetsi pa bokosi ndi kutsimikiza ndi choyezera kuti afadi. Kawirikawiri mupeza kuti waya yense ali bwino kupatula masentimita awiri kapena atatu omalizira. Pamenepo chokutira cha buluu chasanduka chakhofi, chikuyoyoka mukachikhudza ndi chala, mkuwa wada, ndipo sikuluwu ikuzungulira popanda kuikakamiza. Pulasitiki yolimba ya soketi ikapsa motere imatulutsa fungo lokhala ngati la nsomba, ndipo anthu amafufuza gwero lake kwina kulikonse kupatula pakhoma. Bureka siigwa pa vuto lotere, chifukwa ma amp sanachuluke. Kwangokhala kamalo kamodzi kolekera komwe kutentha konse kwaunjikana.

Choncho sendani popanda kucheka mkuwa, chifukwa kabala kakang'ono ndi pomwe waya adzathyokere. Pa waya wa tizingwe tambiri musadule tina kuti alowe pabowo, mwatero mwachepetsa sayizi yake. Mangani sikuluwu pa mkuwa, osati pa pulasitiki, ndipo mukamaliza kokani wayayo pang'ono muone ngati wagwira. Kupota mawaya awiri n'kukulunga tepi si kulumikiza. Gwiritsani zolumikizira zenizeni m'kabokosi kamene kangatsegulidwe mtsogolo. Ethi musamudumphe ngakhale pa layini ya mababu, ndipo musadabwe kuona kuti mu waya wopyapyala wa 2.5 ethi yake ndi ya 1.5, ndi mmene anapangidwira.

Layini isanapatsidwe magetsi, mmisiri ayeze chokutira ndi makina otumiza mavoti 500 a DC. Pa layini ya m'nyumba yankho lisatsike pansi pa megaohm imodzi, ndipo waya watsopano wabwino amapitirira pamenepo kutali. Ayezenso kuti ethi yafika pa soketi iliyonse. Mukayatsa, siyani chipangizo chigwire ntchito ndi mphamvu yake yonse kwa theka la ola, muyeze ma amp ndi mita yopanira waya, kenako mugwire kunja kwa pulagi, soketi ndi waya pomwe akuoneka. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino. Ngati pakutentha moti dzanja silingakhalitsepo, dulani magetsi, muyambe kuona zolumikizira, kenako mubwereze masamu a njira ija.